Chikole cha Nachisale: tikambirane buku la aNabanda

aNabanda (Linga)
Moni nonse. Monga ndinalonjezera Loweruka lija, ndaponya pagulu pano mitu 9 yoyambirira ya buku ndikulembali. Amene mwawerenga ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Kwa anzathu amene mwangolowa kumene, nkhani yake ili motere. Ndi cha m'ma 1870, nthawi ya a Jumbe, amalonda a Chiswahili amene ankalamulira ku Linga (Nkhotakota). Kamudzi kena kufupi ndi Chia kakugona ndi mantha chifukwa cha nkhondo za Angoni. Nyakwawa ya mudziwo yakongola mfuti zinayi ndi wonga kwa Hamisi, wamalonda wa ku Linga, polonjeza kuti idzabweza ndi minyanga. Chaka chatha, minyanga palibe. Ndiye tsiku lina Hamisi akutulukira, osati kudzalonjerera ngongole, koma kudzafunsira mbeta: Nachisale, mwana wa mlongo wake wa nyakwawayo. Nthungululu mudzi wonse, ati tapeza mkamwini wotiteteza. Chimene mtsikanayo sakudziwa n'chakuti nkhaniyi inatha kale usiku wina pakati pa amuna awiri, ndipo pa zokambirana zawozo mawu oti ukwati sanatchulidwe n'komwe.

Pamene ndakakamira ndi pa mathero. Maganizo anga anali oti Nachisale adzamuthirire mwamunayo chiphe mu mpunga. Koma ndikati ndiyambe kulemba mutu umenewo, dzanja likukana.

Mayi a Tadala (Salima)
aNabanda, mwandigonetsa 2 koloko ya usiku inu. Mutu 8 wandidwalitsa. Mtsikana wakhala ku Linga miyezi itatu, madzulo aliwonse akuuzidwa kuti aphike mphika waukulu wa kondowole akapereke kuseri, kumene kuli mpanda wa bango. Amuuza kuti mkatimo muli amtengatenga a amuna ake. Iye amangolowetsa mitanda pansi pa mpandawo, manja n'kumalandira. Ndiye tsiku limenelo dzanja likutuluka lili ndi chipsera pa chala chachikulu, chipsera chimene iye mwini anamuotcha mlongo wake ali ana, akulimbirana chinangwa chootcha. Mlongo wake yemwe uja anamuperekeza pa chitengwa, amene anamuuza kuti anabwerera kumudzi kalekale.

Chimene chandipweteka n'chakuti sanakuwe. Anangogwira chala chija, n'kuchifinya, chalacho n'kumufinyanso. Ndinaika foni pansi, ndinapita kukaona ana anga kuchipinda.

Gama (Benga)
Amayi, pambuyo pa mutu umenewo munthu ameneyu asafe? Ine ndiye ndikuti chiphecho chikuchedwa. Mumuthirire ndulu ya ng'ona, tione akuphupha. Owerenga tavutika mitu 9 yathunthu, mutipatseko popumira.

aMbewe (Dwangwa)
aNabanda, ndawerenga kawiri. Nkhaniyi ili ndi msana. Koma poti mwati tisakunyengerereni, ndiyamba ndi tinthu ting'onoting'ono timene tingachititse munthu wodziwa mbiri kutseka buku.

Pa mutu 2 Nachisale wavala chitenje chamaluwa. Ayi. M'kamudzi kotero anthu wamba ankavala nyanda, yosula kuchokera ku khungwa la mtengo, ena zikopa, ena nsalu ya thonje yoomba okha. Nsalu zobwera ndi amalonda zinali merikani, yoyera ija yochokera ku America kudzera ku Zanzibar, ndi kaniki wakuda wa ku India. Mukamuveka chitenje poyambirira pomwe, mwataya mphamvu ya tsiku lija Hamisi akumuponyera mikwamba iwiri ya merikani paphewa pamaso pa mudzi wonse. Mtsikana amene thupi lake lazolowera khungwa, akumva kufewa kwa nsalu koyamba. Pamenepo ndi pamene wowerenga amvetse chifukwa chake sanakane.

Pa mutu 4 mayi ake akuyatsa moto ndi machesi. Chotsani. Moto unkagona pa chikuni, ukazima unkapala kwa mnzako. Pa mutu 6 Hamisi akuopseza kuti akawasumira ku boma. Boma liti? Ulamuliro wa Angerezi unalengezedwa mu 1891. M'zaka mukulembazi, mawu omaliza ku Linga anali a Jumbe.

Koma za mpunga mwalondola. Unafalikira kuno ndi anthu a Jumbe omwewo, pamodzi ndi migwalangwa ya kokonati ndi mango ena akuluakulu tikudyawa. Ndakondanso kuti bambo ake a Nachisale mwawaika akusoka ukonde wa bwazi. Munafufuza.

aNabanda (Linga)
Zikomo aphunzitsi. Machesi ndi chitenje ndachotsa pompano. Za boma ndikonza usiku uno.

aMbewe (Dwangwa)
Tsopano chachikulu. Buku lanu lonse lagona pa liwu limodzi, ndipo ndikuona ngati simunalifinye mokwanira. Liwulo ndi chikole.

Mnyamata akafunsira mbeta amapereka chikole, kaya mkanda, kaya chibangiri, kutsimikiza kuti mawu ake ndi oona. Koma munthu akakongola amasiyanso chikole. Lero timasiya njinga kapena foni kwa wakatapila. Kale, pa mlandu kapena pa ngongole yaikulu, ankasiya munthu. Ndipo mwa ife Achewa amene anali ndi mphamvu yopereka mwana sanali bambo ake, anali atsibweni, mwinimbumba. Bambo anali mkamwini chabe, wobwera, amene akulu ankamufanizira ndi tambala. N'chifukwa chake bambo aja a m'buku lanu ali chete ndi ukonde wawo. Si kuti alibe chisoni. Alibe pakamwa.

Ndiye taganizani. Pa mutu 3 Hamisi akumuveka Nachisale mkanda wofiira m'khosi, amayi akuimba kuti chikole chafika. Atsibweni ake akumva liwu lomwelo, koma akudziwa kuti chikole chenicheni si mkandawo, ndi khosi limene laveka mkandalo. Mukalemba pamenepo bwino, simufunikanso kufotokoza chilichonse.

Mayi a Tadala (Salima)
Eee aphunzitsi, thupi langa lachita tsemwe.

Koma aNabanda, funso langa ndi lomweli. Atsibweniwo ankadziwa kapena ayi? Chifukwa pa mutu 5 mwawalemba ngati nawonso anapusitsidwa. Akulira, akuti sindinadziwe kuti zifika apa. Ine sindikuwakhulupirira.

aNabanda (Linga)
Ndinasiya dala chonchi. Ndimafuna wowerenga aweruze yekha.

Mayi a Tadala (Salima)
Ayi, pamenepo mukuwateteza. Munthu wamkulu, nyakwawa, akuona mkamwini akubwera wopanda mbale ndi mmodzi yemwe, nkhoswe yake n'kukhala kapitawo wake wom'gwirira ntchito. Nkhoswe yotero ungakaidandaulire chiyani? Mayi ake a mtsikana anafunsa funso limeneli pa mutu 3, atsibweni n'kuwakalipira kuti za amuna azisiye. Kenaka mkamwini walima dzinja limodzi lokha, ndipo osalima yekha, kutuma anyamata ake, basi akupempha chitengwa. Chiongo chake n'kukhala chiyani? Kukhululuka mfuti imodzi mwa zinayi zija. Munthu amene walandira zimenezo angati sanadziwe?

Gama (Benga)
Ndiye afe onse awiri.

Bambo a Yusufu (Linga)
Salaam aleikum nonse. Ndakhala chete kuyambira m'mawa chifukwa ndimafuna ndiyambe ndamaliza kuwerenga. Achemwali aNabanda, luso muli nalo, ndipo sindikukupemphani kuti mubise chilichonse. Zimene zinachitika pagombe lathuli zinachitika. Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, anakhazikika kuno cha m'ma 1840, mafumu a Achewa monga a Malengachanzi anamulandira, ndipo zombo zake zinkaolotsa anthu kupita tsidya lija, kumene ankayamba ulendo wa miyezi wopita ku Kilwa, magoli ali m'khosi. Ine ndinakulira pafupi ndi mzikiti wakale uja, sindingakane.

Nkhawa yanga ndi iyi. M'mitu 9 yonseyi, aliyense wovala mkanjo ndi chilombo. Hamisi akuswali, kenaka akupita kukawerenga anthu kumpanda. Shehe amene akumanga ndowa yawo (ukwati wa Chisilamu) ku Linga salankhula kanthu. Mwana wa sukulu wa ku Lilongwe akadzawerenga, adzati Chisilamu ndicho chinkagulitsa anthu. Pamene malamulo a ndowa ndi omveka: mkazi avomere yekha, pakhale womuimira wa kwawo, pakhale mboni ziwiri, ndipo mahari, mphatso imene mwamuna amapereka pa ukwati, ndi a mkaziyo, osati a atsibweni ake. Palinso hadisi (mawu a Mtumiki Muhammad) yonena kuti munthu wogulitsa mfulu n'kudya mtengo wake, Mulungu mwini adzatsutsana naye tsiku lachiweruzo. Hamisi akudziwa zonsezi. Ndiye sakunamiza Achewa okha, akunamizanso chipembedzo chake. Muonetseni akuthawa maso a shehe. Muonetseni akuuza anzake kuti uyu ndi suria, kutanthauza mdzakazi wogona naye, pomwe kwa mtsikanayo akuti ndiwe bibi wanga, mkazi wanga weniweni. Bodza lake likhale la mbali ziwiri.

aNabanda (Linga)
Achimwene, mwandigwira pamene ndimaopa. Ndinazindikira ndekha kuti shehe uja ndamusandutsa chitsa. Ndimaopa kuti ndikamupatsa mawu, anthu adzati ndikuyeretsa malondawo.

Bambo a Yusufu (Linga)
Simukuyeretsa. Akhoza kufunsa funso limodzi lokha, loti womuimira mtsikanayu ali kuti. Hamisi n'kuloza kapitawo uja. Shehe n'kudziwa kuti ndi bodza, koma n'kupitiriza mwambo chifukwa mpunga umene amadya umachokera kwa Hamisi. Pamenepo sanayere, koma ndi munthu. Ndipo ndi tchimo limene tonse timalidziwa, kuona n'kukhala chete.

aMbewe (Dwangwa)
Bambo a Yusufu anena zoona, ndipo mbiri ili kumbali yawo. Amalonda a ku gombe la Indian Ocean anali ochepa kuno. Sakanatha kugwira anthu okha. Ankagula kwa mafumu a Achewa, kwa Ayao, kwa Angoni amene ankabwera ndi anthu ogwidwa pa nkhondo. Minyanga yambiri inkachokera kwa Mwase ku Kasungu. Ndipo ukapolo unalipo pakati pathu iwo asanafike.

Pali chinthu china chimene anthu sakonda kuchimva. Mwamuna wa Chichewa wachuma ankafunitsitsa mkazi kapolo. Chifukwa chiyani? Ana obereka ndi mfulu si ako, ndi a mbumba ya mkazi, atsibweni awo akhoza kuwatenga. Koma mdzakazi alibe mlongo woti adzalankhule. Ana ake amakhala ako, mudzi wako umakula. Ndiye nyakwawa ya m'buku lanu iyenera kuti nayonso ili ndi mkazi wotero kuseri kwa nyumba, amene inamulandira pa mlandu wina zaka zapitazo. Muikenimo. Nachisale akule akumuona mayi ameneyo akusinja yekha, osadziwa kuti akuona mawa lake. Chaona mnzako chapita.

Mayi a Tadala (Salima)
Mwaona tsono? Munthu woti ali naye kale m'nyumba mwake akudziwa bwino lomwe kumene chikole chimathera.

aNaphiri (Senga Bay)
Pepani ndalowerera mochedwa, netiweki inavuta. Ine powerenga sindimaona 1870 ayi. Ndimaona mng'ono wa mayi anga.

Kunabwera bambo wina kuno, wa kutali, waulemu kwambiri. Maliro aliwonse amafika ndi thumba la ufa. Anawafunsira amayi aang'onowo, amene anali ndi malo a makolo m'mphepete mwa nyanja, pamene agogo ankayanikapo usipa. Ukwati unachitika, tinavina. Pasanathe chaka anati tiyeni tikonze mapepala a malowa kuti timangepo malo ogona alendo, tonse tipindule. Amalume anasaina ngati mboni, anapatsidwa njinga yamoto. Mpanda wa njerwa utangotha, ukwati unayamba kudwala. Lero amayi aang'onowo akuchita lendi kachipinda kumsika, ndipo akafuna kukachapa kunyanja amazungulira mpanda womwewo. Ndinawaona tsiku lina ataima pa geti, beseni lili pamutu, akuyang'ana mtengo wa mango umene anadzala okha, mlonda akuwauza kuti asunthe.

Amalumewo mpaka lero amati anapusitsidwa. Koma njinga akukwerabe.

Ndiye aNabanda, musawapatse atsibweni aja pothawira. Ndipo chiphe ayi. Amayi anga aang'ono sanaphe munthu. Amadzuka m'mawa, amakazinga mandasi, amalipira fizi ya mwana amene anabereka ndi bambo yemweyo. Mukalemba chiphe, mukunena kuti mkazi amene sanabwezere alibe nkhani.

Gama (Benga)
Pepani amayi, zimenezo n'zowawa. Koma buku si moyo. M'moyo anthu oipa amapulumuka, ndiye m'buku tiziwaonanso akupulumuka? Nanga tikuwerengeranji?

aNaphiri (Senga Bay)
Mwana wanga, Hamisi akafa usiku umenewo, m'mawa mwake chichitike n'chiyani? Nachisale ali pakati pa linga la anthu amfuti. Amupha, kapena amukweza chombo chomwecho. Ngongole ija sinafe, abale a malonda a Hamisi akaitenga kumudzi, ndipo ulendo uno satenga mmodzi. Iye akudziwa zimenezi. Kukhala kwake chete pa mpanda paja si mantha, akuwerenga mitu ya anthu a kwawo.

aMbewe (Dwangwa)
Gama, taona izi. Livingstone anafika kuno mu 1861, anabweranso mu 1863, ndipo mkuyu umene amati anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe ulipobe ku mishoni. Alendo amajambulitsa pamenepo. Koma zombo sizinaime. Msika wa akapolo ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, kuno malonda anapitirira. Harry Johnston, nthumwi ya Angerezi, anapangana ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, mu 1889. Jumbe ameneyo anamwalira mu 1894, chaka chomwe amishoni a Anglican anakhazikika kuno, ndipo wolowa m'malo mwake anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar. Werengera wekha. Mtsikana wokwatiwa cha m'ma 1870 anakhala m'nyumba imeneyo zaka 20 zinthu zisanasinthe. Zaka 20 zophika, zobereka, zomva mwera ukuwomba n'kumadziwa kuti lero zombo sizinyamuka, anthu a kumpanda agonanso. Buku lenileni lili m'zaka zimenezo. aNabanda aima pakhomo pake.

Bambo a Yusufu (Linga)
Ndipo ufulu utabwera, ambiri sanabwerere kwawo. Abwerere kuti? Midzi ina inali itapserera, ena anagwidwa ali ana osadziwa ndi dzina la mtsinje wa kwawo. Anakhala konkuno, analima mpunga, ana awo anakwatirana ndi ana a omwe anawagula.

aNabanda (Linga)
Ndikuwerenga zonse, ndikulemba m'kope. Koma ndikuopa chinthu chimodzi. Ndikamusiya Nachisale m'nyumbamo zaka 20, n'kubereka ana a Hamisi, owerenga ena adzati pamapeto pake anamukonda. Ine sindikufuna nkhani yoti mkazi wozunzidwa amafewa mtima n'kuyamba kukonda womuzunza. Zimenezo zawononga atsikana ambiri.

Mayi a Tadala (Salima)
Kukhala si kukonda. Funsani amayi alionse a zaka 60.

Agogo a ku Sani
Moni a pagulu. Ndine mdzukulu wawo, foni ndi yanga, koma mawuwa ndi a agogo aamuna. Ndakhala ndikuwawerengera mitu ya bukuli madzulo, ndipo lero ndawawerengera zokambirana zanu. Andiuza kuti ndilembe ndendende zimene akunena.

Akuti: Ana anga, mkazi mukukanganiranayo ine ndikumudziwa. Sindinamuone ndi maso, koma agogo anga aakazi, amene anandilera, anali mwana wake. Kwathu sitinkamutchula ndi mfunda chifukwa panalibe amene ankaudziwa. Anthu onse ali ndi mfunda, uyu Naphiri, uyu Nabanda, koma iye ankangotchedwa ndi dzina limene anapatsidwa ku Linga. Ndili mwana ndinafunsa kuti kodi agogo aakuluwo kwawo kunali kuti. Anandimenya pakamwa. Ndinadzamva ndili ndi ndevu kale kuti anabwera ngati mkwatibwi, ndi ng'oma, kuchokera cha kumapiri a Ntchisi, ndipo anthu a kwawo sanabwerenso kudzamuona ngakhale tsiku limodzi.

Akuti: Sanathire munthu chiphe. Anabereka ana asanu. Mwamunayo atakalamba n'kuchita khungu, ndi iye ankamutsogolera kunja. Koma agogo anga ankati mayi awo sanadyepo mbale imodzi ndi mwamunayo, ndipo sanamutchulepo kuti amuna anga. Ankati eni nyumba. Mpaka kufa.

Akuti: Chinthu china. Pa nyumbapo sankataya chakudya chotsala. Usiku ankachiika pa chipapa, n'kukachisiya kuseri kwa nyumba, pansi pa mpanda, ngakhale nthawi imene kuseriko kunalibenso munthu. Agogo anga anatengera, ankachita zomwezo, ife n'kumati akudyetsa agalu. Dzulo mdzukuluyu atandiwerengera za dzanja lija, ndi pamene ndamvetsa. Ndili ndi zaka 84.

Mayi a Tadala (Salima)
Agogo.

Gama (Benga)
Agogo, pepani. Ndinalankhula mothamanga.

Bambo a Yusufu (Linga)
Agogo, zikomo potsegula pakamwa. Ndinene nanenso, popeza mwayamba ndinu. Kumbali ya bambo anga timanyadira kuti makolo athu anachokera ku gombe, timatchula maina a amuna mpaka mibadwo isanu. Koma akazi awo sitiwatchula. Ndikafunsa amangoti anali a konkuno. A konkuno kuti? Mwana wa yani? Ndiye ndikamawerenga za Hamisi ndi Nachisale sindingasankhe mbali ngati mpira. Onse awiri ali m'magazi mwanga, ndipo ndikhulupirira kuti ndi ambiri a ife kuno ku Linga, Asilamu ndi Akhristu omwe.

aMbewe (Dwangwa)
aNabanda, mwamva mawu aja, eni nyumba? Ine zaka zonse ndaphunzitsa mbiri sindinapezepo mawu awiri onyamula katundu wotero. Ndipo taonani za mfunda. Mwamutcha mtsikana wanu Nachisale kuyambira tsamba loyamba. Bwanji dzinalo lizinka lizimiririka? Ku Linga amupatse lina. Mitu ikamapita, anthu omutchula Nachisale azichepa, mpaka atsale wolemba yekha.

aNaphiri (Senga Bay)
Ndipo atsibweni aja adzabwere. Patapita zaka, nkhondo itawathamangitsa, adzafike pakhomo pake atavala sanza kudzapempha malo ogona. Ndikufuna ndione chimene adzawapatse. Osati chiphe. Mwina awaikire chakudya pansi pa mpanda paja.

Mayi a Tadala (Salima)
aNaphiri, pamenepo ndiye mwalasa. Awalandire mwaulemu wonse, awagwadire monga mwa mwambo, kenaka awatengere kuseri.

Gama (Benga)
Zimenezo zikuwawa kuposa ndulu ya ng'ona. Koma mlongo wake uja bwanji? Tidzamvanso za iye?

aNabanda (Linga)
Ayi Gama. Chombo chikanyamuka pa mutu 9, basi. Anthu a kuno sankalandira uthenga kuchokera ku Kilwa, ndiye wowerenga nayenso asalandire. Ndinaganizapo zoti adzabwerere ali msilikali kapena womasulira wa azungu, koma ndikanakhala ndikudzitonthoza ndekha.

Mutu wa chiphe ndaufufuta. Atsibweni adziwa, ndipo ndilemba usiku umene anapangana, wowerenga amve ndi makutu ake. Shehe afunsa funso lake. Mayi wosinja yekha uja alowa pa mutu 1.

Agogo, ndili ndi pempho. Nkhani ya chipapa ndi ya banja lanu, si yanga. Sindingailembe popanda chilolezo chanu, ndipo mukakana ndidzamvetsa. Ngati n'kotheka ndibwere ndidzakhale pansi ndi inu, ndidzamve bwino. Dzina lanu kapena la mudzi sindidzalitchula.

Agogo a ku Sani
Akuti lembani, mwana wanga, anthu amene akanakwiya anapita onse. Akuti mubwere Lamlungu masana, anthu akaweruka ku tchalitchi. Mukatsika minibasi pa msewu wa M5 mundiimbire ine mdzukulu, ndidzakuchingamirani ndi njinga.

Akutinso mubwere ndi nsapato zotseka, chifukwa akufuna akakuonetseni pamene anagona mayiyo, ndipo njira yake yamera minga. Palibe chiliza, pali mtengo wa mango basi.

Bambo a Yusufu (Linga)
Agogo, ngati simukana, ndiwaperekeze achemwaliwa. Ndibwera ndi chikwanje.

Agogo a ku Sani
Akuti bwerani nonse awiri.